Chitini cha Amake Dokotala

Tsiku limene ndinasankha kuchoka, ndinali nditaima pa Ginnery Corner ndi kalata m'manja. Kalatayo inkati andipatsa malo pa yunivesite ina ku Mangalande kuti ndikaphunzire kuwerenga DNA ya tizilombo toyambitsa matenda. Ndinaiwerenga katatu ndili chiimire, mpaka kondakitala wina anandifunsa ngati ndikukwera kapena ndikudikira mvula. Ndinakwera, ngakhale minibasiyo inkapita ku Limbe komwe sikwathu. Pofika pa Chichiri ndinali nditadziwa kale kuti ndipita.

Vuto linali limodzi lokha, la zaka ziwiri, dzina lake Takondwa, mwana wanga. Bambo ake anali atalowera kale kumene amuna otere amalowera. Ine ndinkagwira ntchito mu labu ya pachipatala, pansi pa a Mbewe, bambo wachikulire amene anandiphunzitsa kumeretsa tizilombo m'timbale, ndipo ndinkakhala ndi amayi kumunsi kwa Nyambadwe, pamene mipanda ya njerwa imathera n'kuyamba Ndirande. Nditawauza amayi za kalatayo, sanadikire n'komwe kuti ndimalize.

"Pita, Tiyamike. Mwanayu musiye. Iweyo ndinakulera ine, unafa?"

Sindinafe, choncho nkhani inathera pomwepo. Kuyambira tsiku limene ndinakwera ndege ku Chileka, ndisanalembe ngakhale mayeso amodzi, amayi anayamba kunditchula kuti Dokotala, ndipo anthu a m'dera lathu anayamba kuwatchula kuti amake Dokotala. Ndinkaseka nazo. Sindinakhalepo pansi n'kuwafotokozera kuti udokotala umene ndinkautsatirawo ndi wa mabuku, woti munthu atakomoka pamaso panga ndingoitana anthu ngati wina aliyense.

Ku Mangalande ndinkakhala m'kachipinda ka pamwamba pa shopu, ndipo chotenthetsera m'nyumba ndinkaopa kuchiyatsa chifukwa cha magetsi. Miyezi yoyamba ndinkapatsa moni anthu pa basi, mpaka ndinazindikira kuti akundiyesa wozungulira mutu. Ndinasiya. Panali masabata athunthu amene Chichewa ndinkachilankhula kwa tizilombo tokha. Tinkachokera ku Blantyre, m'timachubu toundana ndi kuzizira, ndipo tsiku lina nditatsegula bokosi ndinaona kuti manambala a pa timachubuto analemba ndi a Mbewe. Ndinazindikira seveni wawo wodula pakati. Ndinalowa m'chipinda chozizira chosungiramo zinthu n'kulira ngati wafedwa, kenako ndinapukuta nkhope n'kubwerera pa ntchito.

Ntchitoyo inali yotere. Kachilombo kalikonse kali ndi kalata yaitali m'kati mwake, imene timaitcha DNA, yolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, ndipo m'kalatamo ndi mmene muli malangizo onse: kadye chiyani, kaswane bwanji, kazembe bwanji mankhwala. Ife tinkatsegula kalatayo ndi makina n'kuiwerenga pa kompyuta. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti tizilombo timapatsana tizidutswa ta makalatawa, ngati ana a sukulu opatsana mayankho pa mayeso. Kamodzi kakaphunzira kupulumuka ku mankhwala ena, posakhalitsa anzake onse adziwa. Ndipo timaphunzira msanga munthu akamamwa mankhwala pang'ono, osakwana kutipha koma okwana kutichenjeza. Ine ndinkatsata banja limodzi la tizilombo ta taifodi ta ku Blantyre, ndipo ndinafika polidziwa kuposa mmene ndinkadziwira abale anga.

Banja limenelo ndi limene linandipatsa dzina. Ndinaima m'maholo akuluakulu, nditavala jekete yobwereka, ndikuonetsa mapu a mzinda wathu. "Anthu kwathu amamwa mankhwala mwachisawawa," ndinkatero m'Chingerezi chosalala, azungu n'kumagwedeza mitu ndi chisoni. Mawu akuti anthu kwathu ndinkawatchula ngati ndikunena za mtundu wina wa kutali umene ndinangouwerenga m'buku.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya, ngakhale zitatanthauza kuti ineyo ndidye buledi ndi nyemba za m'chitini sabata yonse. Ndinene mosabisa, ndalamazo zinkandithandiza ine kuposa iwo. Ndikatumiza, mtima unkakhala pansi, ndinkadziona kuti ndine mayi ndithu. Kuimbirana kunali kovuta, nthawi zathu sizinkagwirizana, ndiponso amayi sakonda kulemba pa foni, choncho tinkatumizirana mauthenga a mawu. Awo ankakhala aatali, oyamba ndi moni wa onse a kumvano n'kuthera ku pemphero. Anga ankakhala aafupi, ojambulidwa ndikuthamanga m'khonde kapena nditapanira foni paphewa, m'manja muli magolovesi. Takondwa anakula akunditchula kuti a mami a m'foni.

"Takondwa ali bwanji?" ndinkafunsa.

"Ali bwino. Ameneyu sadwaladwala."

Zaka zisanu ndi chimodzi, yankho lomwelo. Ine wophunzira, wodziwa zimene zili m'madzi a mzinda uno nthawi ya mvula, sindinadabwe ngakhale kamodzi kuti mwana wamtundu wanji ameneyu wosaona khomo la chipatala. Sindinadabwe chifukwa yankholo linkandikomera.

Ndinabwerera chaka chatha, nditapeza mwayi woyambitsa ntchito yowerenga DNA konkuno, m'malo motumiza timachubu kunja. Ku Chileka, Takondwa anandipatsa moni ndi manja awiri, atanyonyomala pang'ono, monga amachitira mwana kwa mlendo wolemekezeka. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, wamtali, wa mphumi yanga. Dzanja lake linali lofunda. Nditayang'ana amayi, anati ndi dzuwa, aima nthawi yaitali panja.

M'mawa wa tsiku lachitatu wina anagogoda pa geti. Ndinatsegula ndine. Anali mayi Asiyatu, oyandikana nafo, amene amuna awo amayendetsa minibasi ya ku Limbe.

"Odi! Amake Dokotala alipo?" Kenako anandiyang'anitsitsa n'kugwira pakamwa. "Iii, kodi ndinu Dokotala amene? Mulungu akudalitseni, mayi. Mankhwala anu aja atithandiza zedi kuno. Dera lonse lino tikupuma chifukwa cha inu."

"Mankhwala anga ati?"

"Makapisozi aja. Lero ndangobwerera awiri okha, abambo kunyumba m'mimba mwawasokoneza."

Ndinatembenuka. Amayi anali ataima pakhonde atanyamula chitini cha mabisiketi, chija ndinawatumizira pa Khirisimasi ina, chojambulidwa nyumba yachifumu pa chipale chofewa. Anayesa kuchibisa ku chitenje koma chinali chachikulu. Ndinachitenga m'manja mwawo n'kutsegula. Munali makapisozi ofiira ndi achikasu ongotayana, mapilisi oyera opanda dzina, ndi mapaketi odulidwa ndi sizasi awiriawiri, ena atakulungidwa kale m'tizidutswa ta nyuzipepala kudikira eni ake. Ena masiku ake anali atadutsa kalekale. Pafupifupi mankhwala onse amene ndinawalemba m'buku langa la digiri kuti asiya kugwira ntchito anali mmenemo, m'chitini changa chomwe.

Mayi Asiyatu ataona nkhope yanga anatsanzika okha, amvekere adzabweranso.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Sindigulitsa ine," anatero mofulumira, ngati mlandu wake unali umenewo. "Zikatsalako ndalama zimene umatumiza zija ndimapita ku Limbe, kuli munthu wina amandipatsa pa mtengo wabwino. Anthu kuno akuvutika, Tiyamike. Munthu apite kukaima pa mzere tsiku lonse, geni yake aisiyire ndani? Ndiye ndimawapatsa awiri, m'dzina lako. Mulungu anakukweza, ine ndibweze bwanji? Chopereka changa n'chimenechi."

Ndinakalipa. Choipa kwambiri n'chakuti ndinakalipa m'Chingerezi, chifukwa zonse zimene ndinkadziwa pa nkhaniyi ndinkazidziwa m'chinenero chimenecho. Ndinawalalatira amayi anga, mayi wa mvano wa imvi zake, pakhonde pawo, ndi mawu amene sankawamva n'komwe. Iwo anangoima n'kumandiyang'ana ngati akuonera mvula yamatalala. Mpweya utandithera, funso limene ndinayenera kuyamba nalo linafika lokha.

"Takondwa mumamupatsanso?"

Anayang'ana pansi.

"Amayi, ndikufunsa."

"Wakhala akutentha thupi kuyambira sabata yatha. Ndamusinthira mitundu itatu koma sizikutsika. Ndimafuna umupeze ali bwino."

Ndinathamangira kuchipinda. Mwanayo anali atadzipinda pabedi atagwira pamimba, milomo itauma. Masiku atatu onsewo ankadzuka, kuvala, n'kukhala pa tebulo mwaulemu chifukwa agogo ake anamuuza kuti asadandaulitse mlendo. Ndinamunyamula, ndipo kutentha kwa thupi lake kunadutsa bulauzi yanga. Aka kanali koyamba kumunyamula kuchokera pamene anali ndi zaka ziwiri.

Kuchipatala anamugoneka, anamuika dilipi, anatenga magazi. Dokotala, weniweni tsopano, anandiuza kuti akuganizira taifodi, ndipo anandikumbutsa chimene ndinkachidziwa kale, kuti ikakhalitsa imatha kuboola matumbo. Anayamba ndi mankhwala amene amayamba nawo nthawi zonse. Thupi silinazizire. Magazi aja anapita ku labu, ndipo tizilombo sitimva kuti mayi wa mwana ali ndi digiri, timamera pa nthawi yake. Ndinadikira masiku atatu ngati munthu wina aliyense.

Pa tsiku lachitatulo a Mbewe ananditumizira uthenga kuti ndipite. Anali atakalamba, magalasi atakhuthala, koma anandilandira ngati ndinangopita kukadya nkhomaliro. Anangotenga kambale n'kukakweza pa windo kuti ndione. Mmene timayezera n'zosavuta: timameretsa tizilombo pa kambale, n'kuikapo timapepala tozungulira tonyowetsedwa ndi mankhwala osiyanasiyana. Mankhwala akakhala ndi mphamvu, pozungulira kapepalapo pamayera, tizilombo timathawa. Pa kambale ka Takondwa, tizilombo tinali titamera mpaka kukhudza timapepala, koyamba, kachiwiri, kachitatu, ngati udzu wa pa manda osalambula. Malo oyera anali pa kapepala kamodzi kokha.

"Mwana wanga," anatero a Mbewe, "watsala ndi uyu yekha. Tiyeni tipemphere kuti m'thupi achite zimene wachita m'mbalemu."

Ndaonapo timbale totere tambirimbiri. Ndinkatijambula zithunzi n'kumanyadira kuti tikuoneka bwino pa chinsalu cha m'maholo aja. Koma aka kanali ka mwana wanga. A Mbewe anandikokera mpando.

Madokotala anamusinthira ku jakisoni wa mankhwala otsalawo. Ine, posowa chochita ndi manja anga, ndinatenga kachipangizo kowerengera DNA kamene ndinabwera nako m'chikwama, kosaposa foni kukula kwake, n'kuwerenga kalata ya kachilombo ka mwana wanga. Zilembo zitayamba kufola pa kompyuta sindinafunikire kufufuza. Linali banja lija. Kachidutswa kozembera mankhwala kanali pamalo pake penipeni, pamene ndinakalozera ndi kandodo m'maholo a ku Ulaya anthu n'kuwomba m'manja. Ndiyenera kunena zoona monga wasayansi: sindingathe kutsimikiza kuti kachilomboko kanaphunzirira m'chitini cha amayi. Takondwa akanatha kukatenga m'madzi kusukulu kapena pa chipatso cha pamsika. Koma ndinkadziwa sukulu imene tizilombo totere timaphunzirako, ndipo imodzi mwa nthambi zake inali pakhonde pathu.

Masana a tsikulo, nthawi yoona odwala, ndinakumana ndi amayi m'khonde la wodi atanyamula basiketi ndi fulasiki ya phala. Ndinali ndisanawalankhule bwinobwino chichokere kunyumba kuja. Ndinawaimitsa.

"Mwanayu akafa, mudziwe kuti ndi chitini chanu chija. Munalekeranji kundifunsa? Foni munali nayo. Mwana wanu amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku, inu osafunsa ngakhale kamodzi?"

Amayi anaika basiketi pansi pang'onopang'ono. Sanalire, sanakweze mawu.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Ine ndinafunsa."

Anamasula foni pa nsonga ya chitenje, anafufuza ndi chala chimodzi, n'kuikweza pakati pathu. Ndinamva phokoso la makina a mu labu ya ku Mangalande, kenako mawu anga, achitsikana, othamanga.

"Eya amayi, makapisozi amenewo ndi abwino, ndi amphamvu. Mupatseni awiri, thupi likazizira basi musiye. Ine ndili bize, tilankhulana."

Ndinawapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Ndipamene tsikulo linabwerera. Chinali chaka changa choyamba. Makina anali atandionongera ntchito ya mwezi wathunthu, ondiyang'anira ankandidikira, ndipo amayi anatumiza uthenga kuti Takondwa watentha thupi, mvula ikugwa, ali ndi makapisozi otsala m'kabati, amupatse? Ndinkadziwa yankho loyenera. Ngakhale a Mbewe anali atandiphunzitsa kale. Koma ndinali kutali, ndinali ndi mantha, ndipo ndinkafuna kuti vutolo lichoke pa foni yanga. Ndinadziuza kuti ndiimba madzulo n'kulongosola bwino. Sindinaimbe. Mwana anachira yekha, monga amachirira ana ku chimfine, ndipo ine ndinaiwala.

Amayi sanaiwale. Anasunga uthengawo zaka zonsezi, ndipo atasintha foni anapempha kuti awasamutsire.

"Aliyense wokayika ndimamutsegulira uthengawu," anatero. "Ndimati imvani nokha, Dokotala wanena." "Iwe ukuganiza kuti ine ndinkagona? Mwana akangotsokomola, mtima wanga unkachoka. Ndinkaopa tsiku limene ndidzakuimbire kuti bwera, wako uja watisiya. Ukanandiyang'ana bwanji? Ndiye ndinkachita zimene unandiuza."

Ndinakhala pa benchi ya m'khondemo. Amayi anakhala pambali panga, anatsegula fulasiki n'kundithirira phala la wodwala m'chivindikiro, ndipo ndinamwa.

Thupi la Takondwa linayamba kuzizira pa tsiku lachinayi la jakisoni. Matumbo sanabooke. Nesi atandionetsa choyezera kutentha, ndinachiyang'ana nthawi yaitali mpaka anachita kuchilanda. Tsiku lotsatira amayi anabwera ndi chitini chija m'basiketi n'kukapereka okha kwa a Mbewe kuti akawononge zam'katimo. Chitinicho anachitenganso, amvekere n'chabwino kusungiramo ulusi. A Mbewe anawaonetsa kambale kaja pa windo n'kuwafotokozera m'Chichewa chosavuta, mphindi zisanu zokha, zimene ine ndinalephera kuwauza zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi anamvetsa nthawi yomweyo. Anangofunsa funso limodzi, akuyang'ana ine: "Nanga anthu onse aja?"

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinkaganiza kuti mlomo wanga unathera pa geti pathu, kwa mayi Asiyatu ndi anzawo a mumsewu wathu, ndipo amenewo tinawayendera khomo ndi khomo, amayi patsogolo, ine pambuyo ngati mwana wobweza mbuzi yakuba. Ndinayesa kuti nkhani yatha.

Patapita masabata atatu ndinapita ndi Takondwa kuti akamuonenso kuchipatala. Potuluka ndinamulonjeza nsapato zatsopano ku Limbe, ndipo tinakwera minibasi pa Ginnery Corner, pamalo pomwe paja ndinaima ndi kalata. Anali ataonda, yunifolomu ikumukhuthukira, ndipo ankandilankhulabe mosamala, kupewa dzina lililonse. Kutsogolo kwathu kunakhala azimayi awiri amene sindinawaonepo chibadwire. Mmodzi anali ndi khanda kumbuyo ndipo ankadandaula kuti latentha thupi usiku wonse.

"Usavutike ndi mizere iwe," anatero mnzakeyo akutulutsa foni. "Pali dokotala wina wa ku Mangalande, mawu ake ananditumizira mlamu wanga wa ku Bangwe. Tamvera."

Phokoso la makina lija linadzaza minibasi. Kenako ine: "Eya amayi, makapisozi amenewo ndi abwino, ndi amphamvu. Mupatseni awiri..."

Bangwe ndi kutsidya lina la mzinda. Sindinadziwe kuti uthengawo wadutsa m'mafoni angati kuti ukafike kumeneko n'kubwereranso kudzandipeza pampando uno. Ndinatsegula pakamwa koma Takondwa ananditsogolera. Anaweramira kutsogolo, nkhope itawala koyamba chitulukire m'chipatala, n'kuloza foni ya mayi uja.

"Amenewo ndi amayi anga," anatero monyadira.

Sanaloze ine. Analoza foni.

Mayi uja anatembenuka, anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine ndi nsapato zanga zafumbi, n'kuseka. "Inuyo? Ayi mayi, musatinamize. Uyu ndi dokotala weniweni, wa kunja."

Kondakitala anali akufunsa otsika pa Chichiri. Ndinafunsa mayi wa khanda uja kumene akutsikira, ndipo anati ku Limbe, pamsika, akagule makapisoziwo. Ndinagwira dzanja la Takondwa, lozizira bwino, ndinasendera kutsogolo mpaka mawondo anga anagunda mpando wawo.

"Mawuwo ndi anga ndithu," ndinatero m'Chichewa, mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Ndipo ndinalakwitsa. Mwana mukumuonayu anatsala pang'ono kufa nawo. Tandipatsani mpata mpaka ku Limbe, ndikuuzeni."

Dalaivala anatsitsa wailesi.